Ndemanga pa m'bindikiro wa uphungu wa abusa ku Mulanje

Ndatumikira ngati mbusa kwa zaka 17, koma funso lakuti, "Abusa, kodi inuyo mukupeza tulo?" ndinalimva koyamba pa m'bindikiro wa masiku atatu womwe unakonzedwera atumiki a mipingo yosiyanasiyana, pa nyumba ina ya alendo m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ndinapitako monyinyirika, chifukwa namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ife abusa a ku Mulanje ndi ku Phalombe tinaika maliro motsatizana, tinatonthoza ofedwa m'misasa, ndipo tinazolowera kuganiza kuti misozi ndi ya nkhosa zokha.

Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi phungu amene ankatsogolera zokambirana. Anali mayi wophunzira bwino za thanzi la m'maganizo, ndipo sanayese kutilalikira, pozindikira kuti mavesi onse otonthoza timawadziwa kale pamtima. Tsiku loyamba anatipempha kuti tivule makolala athu n'kuwaika patebulo, ndipo anatiuza kuti zonse zolankhulidwa m'chipindamo sizidzafika kwa akulu a mpingo kapena ku likulu la mpingo uliwonse. Lonjezo limeneli ndi lomwe linamasula malilime athu, pakuti mbusa amaopa kuti akaulula kutopa kwake anthu adzati chikhulupiriro chake chazilala. Bambo wina wachikulire, yemwe anakhala chete tsiku lonse akupotokola mpango m'manja, anafotokoza madzulo kuti mvula ikayamba kugunda pamalata mtima wake umathamanga mpaka m'bandakucha, ndipo mayiyo anamuyankha modekha kuti zimenezi zimachitikira anthu ambiri amene aona zoopsa, ndiponso kuti thandizo lake lilipo.

Zipinda zinali zaukhondo, chakudya chinali chokwanira, ndipo masana ankatisiyira nthawi yoyenda m'mbali mwa minda ya tiyi popanda wotiitanira ku msonkhano.

Chodandaulitsa n'chakuti amayi busa sanaitanidwe, chonsecho ndi iwo amene amatsegulira chitseko wobwera ndi uthenga wa zovuta pakati pa usiku, ndipo amasenza mkwiyo umene ife timabisa paguwa. Mtengo wa m'bindikirowu nawonso ndi wolemera kwa mbusa wa kumudzi amene amadalira chopereka cha nthawi yokolola, choncho ndikupempha mipingo kuti ndalama imeneyi izichokera m'thumba la mpingo. Ine ndalembetsa kale kuti ndidzapitenso, ndipo ndawauza okonza kuti ulendo uno ndidzabwera ndi mayi a kunyumba.