foobar2000 pa laputopu: kuikonza kuti nyimbo zimveke bwino

foobar2000 ndi pulogalamu yaulere yomvetsera nyimbo pa kompyuta, ndipo siilemetsa ngakhale laputopu yakale. Maonekedwe ake ndi osakopa, koma ntchito imagwira.

Mukatsegula foobar2000, lowani mu Preferences, kenako Playback, kenako Output, musankhe chipangizo cholembedwa "exclusive". Mukatero Windows imasiya kusakaniza nyimbo ndi mawu ena. Choipa chake, YouTube imangoti zii mpaka mutaimitsa nyimbo. Sikanani nyimbo zonse ndi ReplayGain, chida cha mu foobar chofananitsa voliyumu, kuti ina isamaphulike pamene inzake ikunong'ona. Pa equalizer, pomwe mumakwezera kapena kutsitsira besi ndi mawu ena, besi mukaikweza kwambiri maspika amasasa mawu. Kuli bwino kutsitsa mawu enawo m'malo mokweza besi.

Maspika akamang'ung'udza, zulani chaja mumve ngati phokoso latha, chifukwa kawirikawiri limachokera kumeneko. Koma MP3 zofinyidwa kwambiri za 128 kbps zokuikirani pa fulashi ku msika wa Kapata, foobar singazichiritse. Funani FLAC, mtundu wa mafayilo a nyimbo wosataya ubwino wa mawu.