Ndemanga: JDS Labs Atom Amp poyerekeza ndi jeki ya mahedifoni ya pa ampu ya masipika

Ndakhutira nayo ampu imeneyi, koma chimene yandichitira si chimene anthu ambiri amalonjeza akamakamba za ampu ya mahedifoni. Amati jeki ya pa ampu ya masipika ilibe mphamvu, choncho ugule kabokosi kapadera kuti mahedifoni alire mokweza. Kwa ine vuto silinali mphamvu ayi. Jeki ya pa ampu yanga yaikulu inkaliza mahedifoni anga a Sennheiser HD 600 mokweza kwambiri moti sindinkafika ndi pa theka la voliyumu. Chimene chinasintha nditalumikiza Atom ndi kamvekedwe ka besi, phokoso la pansi, ndiponso mmene voliyumu imandimverera.

Ndiyambe ndi besi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ma ampu ambiri a masipika, makamaka akale, alibe gawo lapadera la mahedifoni. Amangotenga mawu omwe akupita ku masipika n'kuwadutsitsa pa resistor, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, kuti afooke asanafike ku jeki. Ampu ya mawati 50 pa sipika ya ma ohm 8 imatulutsa ma volt 20, ndipo amenewo atalowa osachepetsedwa angawononge mahedifoni ndi makutu omwe. Ndiye resistor ija ndi yoteteza, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. Pa ampu yanga, chojambula cha mkati mwake chikusonyeza resistor ya ma ohm 330 pa mbali iliyonse. Tsono mphamvu yotulukayo imagawidwa pakati pa resistor ndi hedifoni, ndipo gawo la hedifoni limadalira impedance yake, ndiye kuti mmene imakanizira magetsi kudutsa, zimene amayeza ndi ma ohm. Pa bokosi la HD 600 analemba ma ohm 300, koma nambala imeneyo siikhala chimodzimodzi pa mawu onse. Ikafika pa mawu a besi, cha pa 100 Hz, imakwera kupitirira ma ohm 500. Pamenepo hedifoni imalandira gawo lalikulu kuposa pa mawu apakati, ndipo mukawerengetsa mupeza kuti besi ya m'dera limenelo yakwera ndi ma dB awiri kapena kuposerako pang'ono (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu).

Ma dB awiri pa pepala ndi ochepa, koma m'khutu amamveka. Pa jeki ija gitala ya besi inkanenepa, ng'oma ya phazi inkachedwa kusiya kulira, ndipo mawu a woimba wamwamuna ankakhala ngati aphimbidwa ndi nsalu yopyapyala. Pa Atom, imene impedance yake yotulukira siifika ohm imodzi, kunenepa kuja kunachoka. Poyamba ndinkamva ngati besi yachepa. Sinachepe, inangobwerera pamlingo umene opanga hedifoni anauika, ndipo tsopano ndimatha kutsata chala cha woimba besi nyimbo yonse ngakhale pamene piyano ndi ng'oma zachuluka. HD 600 inatuluka mu 1997 ndipo anthu amaikondabe chifukwa cha mawu ake apakati osaonjezera kanthu. Zimenezo ndinazimva bwino nditaichotsa pa jeki ya resistor.

Koma ndinene chilungamo, alipo anthu amene amakonda kamvekedwe konenepa kaja, ndipo sindiwaona ngati olakwa. Mahedifoni a ma ohm 600, monga mtundu wina wa Beyerdynamic DT 880, amagwirizana bwino ndi ma ampu akale a masipika chifukwa amafuna ma volt ambiri, ndipo resistor siiwasokoneza kwambiri. Ngakhale muyezo wa IEC 61938 wa mu 1996 unkanena kuti jeki ya mahedifoni ikhale ya ma ohm 120. Nthawi imeneyo zinali zomveka. Lero mahedifoni ochuluka ndi a ma ohm 32 kapena kucheperapo, opangidwa kuti azilira pa foni ndi pa kompyuta, ndipo amenewa ndi amene amavutika pa jeki yotere.

Ndinayesa mahedifoni anga ena a ma ohm 32. Pa resistor ya ma ohm 330 amalandira mphamvu yosafika gawo limodzi mwa magawo khumi, yotsalayo imathera pa resistor. Amalirabe mokweza, chifukwa safuna zambiri, koma besi yawo inali yolekerera, yongoti bwuu popanda malire. Anthu odziwa za zipangizozi ali ndi kalamulo kosavuta: impedance ya ampu isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a impedance ya hedifoni. Kwa hedifoni ya ma ohm 32, ndiye kuti ampu isapitirire ma ohm 4. Kwa HD 600 isapitirire 37 kapena 38. Jeki yanga inalephera pa zonse ziwiri, pamene Atom ili kutali kwambiri pansi pa malirewo. Timahedifoni tolowetsa m'khutu ndi timene tinaonetsa kusiyana koposa. Pa ampu yaikulu tinkatulutsa phokoso la sss nyimbo isanayambe n'komwe, ndipo phokosolo silinkachoka ngakhale voliyumu ili pansi. Pa Atom, batani la gain, losankhira mlingo umene ampu ikwezere mawu, lili pa low, ndimamva zii mpaka nyimbo itayamba.

Batani la gain limeneli ndi limene ndimaligwiritsa ntchito kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Voliyumu ya ampu ya masipika anaipangira masipika, ndiye ukaika mahedifoni osavuta kuliza umangoikhudza pang'ono mawu akwera kale. Choipa n'chakuti ma voliyumu otembenuza ambiri sagawa mawu mofanana kumanzere ndi kumanja akakhala pansi penipeni, ndipo pa ampu yanga woimba ankapendekera mbali imodzi ndikamamvera motsitsa usiku. Ndi low gain ndimatembenuza voliyumu mpaka pakati, pamene mbali ziwirizo zimafanana, ndipo ndili ndi mpata wokweza kapena kutsitsa pang'onopang'ono. High gain ndimaisungira HD 600 pa nyimbo zimene zinajambulidwa motsika, monga za okestra.

Kulumikiza sikunavute. Kumbuyo kuli polowetsa mawaya a RCA ndi ka jeki ka 3.5 mm, kutsogolo kuli jeki yaikulu ya 6.35 mm. Ine ndinatenga mawu pa rec out ya ampu yaikulu (pa ma ampu ena amalemba tape out), chifukwa pamenepo mawu amatuluka pamlingo umodzi osadutsa pa voliyumu. Motero chilichonse chimene ndasankha pa ampu yaikulu, kaya CD kaya chimbale, chimafika ku mahedifoni, ndipo ndimangotsitsa voliyumu ya masipika. Mukalumikiza pa pre out, dziwani kuti mawu azidutsa pa ma voliyumu awiri, ndipo kutsitsa ya masipika kutsitsanso mahedifoni. Onani kumbuyo kwa ampu yanu musanagule, chifukwa ena atsopano alibe rec out, ndipo zikatero muyenera kulumikiza ampu ya mahedifoni ku DAC (chipangizo chosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu oti ampu ilize) kapena ku choimbira mwachindunji.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha aliyense woyerekeza zipangizo ziwiri kuti achite: fananitsani mlingo wa mawu musanaweruze. Khutu limanyengeka. Chimene chikulira mokweza pang'ono chabe chimamveka ngati chili ndi besi yabwino ndi mawu oyera. Ine ndinaliza kamawu kamodzi ka 1 kHz n'kuyeza ndi mita kuti ma ampu awiriwo afanane. Nditatero, zina zimene anthu amakamba, zoti bwalo la nyimbo latakasuka kapena zida zatalikirana, sindinazimve. Kusiyana pa besi, phokoso ndi kupendekera kuja kunatsalabe, ndipo zitatuzi zili ndi chifukwa chodziwika.

N'chifukwa chake sindingauze aliyense kuti athamangire kugula. Ma ampu ambiri a masiku ano ali ndi gawo lawolawo la mahedifoni mkati, loyendetsedwa ndi kachipangizo kokweza mawu kotchedwa op-amp, la impedance yotsika, ndipo ngati yanu ndi yotero, kusiyana kungakhale kochepa kwambiri kapena kusamveka n'komwe. Mahedifoni a mtundu wotchedwa planar magnetic nawo ali ndi impedance yosasinthasintha, choncho resistor siisintha kamvekedwe kawo ngati mmene imachitira ndi HD 600. Kwa iwo funso ndi lakuti mphamvu ikukwana kapena ayi. Komanso kabokosi kapadera kalikonse kamabwera ndi mawaya ena ndi pulagi ina ya magetsi, ndipo amene anazolowera kusintha voliyumu ndi rimoti ya ampu yaikulu ayenera kukhala pafupi ndi tebulo. Kwa ine zimenezi n'zazing'ono, popeza mahedifoni ndimamvera nditakhala pafupi kale.

Musanatulutse ndalama, tsegulani kabuku ka ampu yanu mufufuze output impedance ya jeki ya mahedifoni. Ngati sanalembe, afunseni opanga, kapena muyeze nokha: lizani kamawu kamodzi, yezani ma volt pa jeki popanda chilichonse, kenako muyezenso mutaika resistor yodziwika kukula kwake. Ma volt akatsika ndi theka, ndiye kuti impedance ya jeki ndi yofanana ndi resistor mwaikayo. Mukapeza ma ohm 100 kapena kuposa, ndipo mahedifoni anu ndi a ma ohm ochepa kapena olowetsa m'khutu, Atom idzakusinthirani kamvekedwe tsiku loyamba lomwelo. Mukapeza ma ohm awiri kapena atatu ndipo simumva phokoso la sss, ndalamazo muzisungire mahedifoni abwinoko.