Theme yogula, Bootstrap kapena HTML yolemba wekha: ine ndaima apa

Anzanga amene mwayamba kupanga mawebusaiti muno mu Lusaka, funso lanu ndi limodzimodzi tsiku lililonse. Kasitomala wa kashopu ku Kamwala kapena kasukulu ku Chilenje akafuna tsamba la pa intaneti, mugule theme (maonekedwe a webusaiti opangiratu), mugwiritse Bootstrap (zida zokonzeratu zoyalira tsamba), kapena mulembe nokha HTML ndi CSS, zinenero zolembera masamba? Ndiyankhe pano kuti ndipume. Za kukongola sinditayapo nthawi, zonse zitatu zimawala pa laputopu ya wopanga.

Theme yogula ndili nayo mangawa, ndipo sindibisa. Mtengo umene mumauona pogula ndi wa theme yokhayo. Imene ndinagulira shopu ina ya mayunifomu inkadalira kapulogalamu kena kokonzera masamba, ka layisensi ya pachaka, ndipo wogulitsa anazilemba m'timalemba ta pansi penipeni. Chaka chitatha, kapulogalamuko kanasiya kulandira zosintha, fomu yoodera n'kuyamba kukana. Mwini shopu anali atalipira kale ndalama zake za kwacha, tinagwirana chanza, nkhani inatha. Ndiye mubwerereko kukawauza kuti, "Amayi, muzilipiranso chaka ndi chaka, m'madola, pa mtengo wa tsiku limenelo"? Ndinatulutsa za m'thumba mwanga, banki n'kudulanso yake polipira kunja. WordPress yeniyeniyo, pulogalamu imene theme ija inkayenderapo, ndi yaulere, ilibe mlandu. Mlandu ndi wa amene amamangirira katundu wolipiritsa pamwamba pake mwakachetechete.

Komabe ndalamazo sizinandiwawe ngati mabatani. Batani la "Oda" m'theme imeneyo silinali batani ayi, inali div, kabokosi wamba ka HTML, yopakidwa utoto n'kuikidwa JavaScript, malamulo oti igwire ntchito ikadinidwa. Kwa woona palibe kusiyana. Koma button yeniyeni ya HTML browser imaidziwa: ukadina Tab pa kiyibodi umaifika, ukadina Enter imagwira, ndipo pulogalamu yowerengera osaona, monga TalkBack ya pa Android kapena NVDA ya pa Windows, imauza wosaona kuti apa pali batani. Div ilibe zonsezi pokhapokha uziwonjezere wekha. Bambo wina wosaona, amene ankafuna kugulira mwana wake yunifomu, anaimba ku shopu kudandaula kuti foni ikumuwerengera mitengo koma pooda sakupapeza. Mabokosi a fomu analibe label (dzina la bokosilo), zithunzi zinalibe alt (mawu ofotokoza chithunzi). Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olumala la 2012, koma bamboyo sanatchule lamulo, ankangofuna malaya a mwana.

Panalinso timalemba totuwa pa tsamba loyera, timene opanga ma theme amatikonda. Malangizo a WCAG othandiza kuti olumala azigwiritsa masamba, ochokera ku bungwe loona za malamulo a mawebusaiti la W3C, amene mtundu wake wa 2.2 unatuluka mu 2023, amafuna kuti zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5:1. Musaganize kuti ndi za odwala maso okha. Kaimeni pa Kulima Tower dzuwa la Okutobala lili paliwombo, foni yosweka galasi m'manja, muone ngati muwerenga.

Kulemera kwake ndinene mwachidule: theme imadya bandulo ya mlendo asanaone n'komwe mtengo wa sokosi. Ndipo amene amatsegula ndi browser ya Opera Mini atatchera kupulumutsa data kwambiri, tsamba limakonzedwera pa seva za Opera, JavaScript imagwira pang'ono chabe, choncho menyu yodalira JavaScript ikhoza kungokhala duu.

Bootstrap ndilibe nayo mkangano. Inachokera ku Twitter mu 2011, ndi yaulere, palibe amene adzakutumizireni invoisi. Mtundu wachisanu wa 2021 unasiya kudalira jQuery, kathandizi ka JavaScript, n'kutayanso browser yakale ya Internet Explorer, zimene zinali bwino poti Microsoft nayo inapumitsa browser imeneyo mu 2022. Pa Chrome, Firefox ndi Safari imaoneka mofanana popanda kulimbana. Koma eni ake amachenjeza okha kuti mitundu ina imene imabwera nayo safika pa 4.5:1 uja, ndiye muziyeza. Komanso siikuletsani kuika class ya batani pa div. Dzanja likakhala laulesi, vuto lija labweranso.

Mtima wanga uli pa HTML ndi CSS zolemba wekha. Kale tinkathawa chifukwa kuyala mabokosi kunali chintchito, koma CSS Grid inalowa m'ma browser akuluakulu mu 2017, Flexbox inalipo kale. Menyu yotseguka ndi kutsekeka mukhoza kuipanga ndi details ndi summary za m'HTML momwemo, popanda JavaScript ngakhale mzere umodzi. Mukakayika chinthu, webusaiti ya Can I Use imakuuzani browser imene ikuchidziwa. Tsamba likakhala m'Chinyanja ikani lang="ny" pamwamba, n'zosavuta. Tsamba lolemba wekha limatseguka ngakhale netiweki ikamatsimphina nthawi ya kuzima kwa magetsi. Chimodzi musaiwale: bwerekani iPhone muyesepo, chifukwa kuno Chrome ya pa iPhone imayendera WebKit, injini ya Safari, si Chrome ya pa Tecno yanu.

Kuipa kwake kulipo. Kasitomala sangasinthe yekha mitengo, ndiye foni yanu idzalira Lamlungu m'mawa mtengo wa shuga ukakwera. Zimenezo muzilembe m'pangano, ndi mtengo wake womwe.

Ndiye shopu, tchalitchi kapena sukulu ya masamba ochepa, ine ndikulemba ndekha. Ntchito ya mafomu ambiri yofunika mwachangu, Bootstrap. Theme ndingagule pokhapokha nditayenda pa chitsanzo chake ndi Tab yokha, mbewa ili pambali, nditayatsa TalkBack n'kuyesa kuoda, ndiponso wogulitsa atandilembera mapulogalamu onse amene adzafune layisensi chaka chamawa.