Pawa sapulayi ija yatha miyezi 9, nayi nkhani yake

Paja ndinati ndidzanena mmene Corsair CX550 ija, pawa sapulayi (kabokosi kopereka magetsi ku zida zonse za mkati mwa kompyuta) yomwe ndinagula yakale itatopa, ikuyendera pakapita nthawi, ndiye pano yatha miyezi 9. Kwa amene simukudziwa chiyambi chake, kompyuta yomwe ndimapangira makhadi aukwati ndi maposita inangokana tsiku lina mmawa. Kudina batani fani imazungulira kamphindi, kagetsi kuwala, kenako zii, sikirini yakuda bii. Makhadi a eni ake oti atenge Lachisanu ali momwemo.

Ndinayamba ndi zosalira ndalama. Kuzula ma RAM onse awiri, kupukuta timano take ndi labala, kubwezera imodziimodzi, palibe. Kusintha kabatire ka CMOS kaja ka pa motherboard, CR2032, palibe. Kuchotsa graphics card ndi ma hard drive, chimodzimodzi. Ndiye ndinapanga zija za kawaya zoyezera pawa sapulayi, pa pulagi yake yaikulu ya mapini 24 umalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse nkuyatsa, fani ikazungulira akuti ili moyo. Yanga inazungulira bwinobwino, ine ndiye basi motherboard yapsa, mpaka ndinayamba kufunsa mitengo mtauni.

Apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kutaya ndalama pachabe. Zakawayazo zimangokuuza kuti chinthucho chikuyaka, sizikuuza ngati chingasenze katundu. Mnzanga wina wokonza ma TV anabwera ndi multimeter yake yoyezera magetsi, kugunditsa pa waya wachikasu pawa sapulayi ili payokha 12V ndithu, koma titailumikiza ku board nkudina batani inagwa mpaka cha m'ma 10 nkuzima. Chonsecho siyenera kutsika kupyola 11.4V, malire ake ndi 5% uku ndi uku. Wofiira wa 5V ndi waorenji wa 3.3V analibe vuto. Kenako anaitembenuza nati aise tawerenga apa. Pamwamba 500W zilembo zikuluzikulu, koma pamzere wa 12V analemba 18A, chulukitsani nokha muone, 216W basi, pomwe processor ndi graphics card zonse zimadyera pa 12V pomwepo. i5 yanga ndi GTX 1660 zinkaikama mpaka pamalire tsiku ndi tsiku, inatopa. Kuinyamula mmanja ngati chitini chopanda kanthu, inabwera ndi case yomwe, dzina lake sindinalimvepo kwina kulikonse. Ndinatenga screwdriver kuti ndione mkati, mnzangayo anandigwira dzanja, akuti ma capacitor amasunga moto ngakhale utazula kukhoma.

Tsiku loika CX550 yatsopanoyi ndinachitanso manyazi, kompyuta osayaka, mtima phaa, kani ndaiwala kulumikiza chingwe cha mapini 8 cha processor chija chapakona pamwamba. Muzichiona chimenecho musanayambe kutukwana wogulitsa.

Kuchoka pamenepo yadutsa fumbi ndi kutentha kwa October, dzinja lonse, kuthimathima kwa magetsi konseku, sinakanepo kuyaka olo kamodzi. Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi choti magetsi akangophethira, babu nkuchita ngati lathima nkuyakanso, yakale ija kompyuta inkayambiranso pompo ntchito yonse nkupita, pomwe iyi nthawi zambiri imangopitirira ngati sipanachitike kanthu. Akathimiratu ndiye imazima inde, si UPS iyi, chija cha batire chopitiriza kupereka magetsi akathima. Phokoso ndimamva la fani ya processor, yake mpaka utaika khutu. Mwezi watha tinayezanso ndikupanga export fayilo yaikulu, 12.1V osagwedera.

Za 80 Plus Bronze zolembedwa pa katoni zija musamazitenge ngati chizindikiro choti chinthu ncholimba, zimangonena kuti siwononga magetsi ambiri, cha m'ma 85% ikamasenza theka la mphamvu zake, otsalawo amasanduka kutentha. Ine pano ndikamuperekeza munthu kogula ndimayamba ndi ma amp a pa 12V, kenako ndione ngati pa katoni alemba zoteteza zija, OVP (magetsi akakwera mopyola), SCP (pakachitika shoti), kenako lisiti ndi warranty, wokana kulemba lisiti ndimangomusiya. Ndipo 550W yandikwanira, makina angawa safika olo 300W, amene ankandikakamiza 850W aja kaya ankafuna ndiziwotcherera mageti.

Zingwe za CX550 sizichoka, ndinadziwa pogula, zotsala ndinangozimanga kuseri ndi timalamba. Fumbi ndiye nkhani, imakoka mpweya pansi ndiye kasefa kamadzadza msanga, ndimakatsuka mwezi ndi mwezi ndipo kompyuta ndinaichotsa pasimenti ili pakatebulo. Mvula ikayamba ndi ziphaliwali ndimazulabe pulagi kukhoma, pamenepo sindikhulupirira mtundu uliwonse. Pano ndikusonkhanitsa ya UPS, ndikufuna ya pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi akukhoma, poti ma pawa sapulayi a mtundu wa iyi, otchedwa active PFC, ena sagwirizana ndi ma UPS otchipa aja. Yakale ija mnzanga anatenga, akuti fani yake ikadali ndi ntchito.