Mkhalapakati wa nkhani za m'banja ku Leicester: anatithandiza pa nyumba ya ngongole

Ine ndi bambo a ana anga tinagula nyumba ya zipinda zitatu ku Leicester, ku England, mu 2018, mayina athu tonse awiri ali pa ngongole ya kubanki. Banja litatha chaka chatha iwo anachoka, ine n'kutsala ndi ana awiri komanso ngongole ya zaka 19. Kukanakhala kumudzi tikanaitana ankhoswe, koma malume ali ku Dedza, ndipo mawu awo a pa WhatsApp banki singawamve. Ndiye tinapita kwa mkhalapakati amene ndinamupeza pa mndandanda wa Family Mediation Council, bungwe loyang'anira akhalapakati a nkhani za m'banja.

Pa msonkhano woyamba, umene amautcha MIAM, aliyense amalowa payekha. Mayi mkhalapakati amene anandilandira asanafunse za ndalama anayamba ndi kufunsa ngati ndinamenyedwapo, ngati ndikuopa kukhala m'chipinda chimodzi ndi bamboyo. Wachibale wanga ndi mmodzi yemwe sanandifunsepo zimenezi. Kwa ine yankho linali ayi, koma misozi inalengeza.

Kenako anandiuza zinthu ziwiri zimene zinandithetsa mawu. Ife sitinalembetse ukwati. Ndinkaganiza kuti zaka 11 tili limodzi n'zokwanira, poti kwathu lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuwatenga ngati banja anthu amene akhalira limodzi zaka zisanu. Ku England zimenezo kulibe. Chimene chinanditeteza ndi dzina langa pa mapepala a Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa eni nyumba ndi malo, basi. Chinacho n'chakuti banki sidziwa zoti theka ndi langa, theka ndi lawo. Iwo akasiya kulipira, ndalama yonse idzaifuna kwa ine, ndipo mwezi umodzi wophonya umadetsa mbiri ya ngongole ya tonse awiri kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Tinakumana katatu tonse pamodzi. Anatiuza kubweretsa mapepala a malipiro, masitetimenti a kubanki ndi mtengo wa nyumba kuchokera kwa ogulitsa nyumba. Zonse ankazilemba pa chipepala chachikulu ndi cholembera chabuluu, tonse tikuona. Tsiku lachiwiri tinayamba kukalipirana za khitchini imene ndinaikonzetsa ndi ndalama za mashifiti a usiku kosamalira okalamba. Mayiyo sanatidzudzule. Anangotithirira madzi m'makapu, n'kufunsa kuti, "Mwana wamng'ono uja ali kalasi yanji?" Tonse tinakhala chete. Kuchokera pamenepo nkhani inayenda.

Ndinkafunitsitsa kugula gawo lawo kuti nyumba ikhale yanga, koma banki itayeza malipiro anga okha inakana. Tinagwirizana kuti ine ndikhalemo ndi kumalipira ngongole, iwo azipereka ya ana, ndipo tidzagulitse wamng'ono akakwanitsa zaka 18.

Zondidandaulitsa zilipo. Ndalama ndi yambiri kwa munthu wa ntchito ngati yanga. Chinatipepukitsa ndi thandizo la boma la £500, limene linkaperekedwa ngati nkhaniyo ikukhudzanso ana. Pakati pa misonkhano pankadutsa milungu itatu, pamene banki imadula zake pa 1 osaphonya. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayiyo anadzatsindika kumapeto kuti chikalata chathu chogwirizana chilibe mphamvu ya lamulo mpaka loya atachikonza. Akanandimveketsa pa tsiku loyamba ndikanasungiratu ya loya. Musayembekezenso kuti akuuzani wolakwa ndani, ngati mmene achitira ankhoswe. Ine ndinapita ndikufuna zimenezo, ndipo sanandipatse.

Komabe mlongo wina wa kutchalitchi atandiuza kuti kwake zavuta, ndinamupatsa nambala ya ofesi yomweyo. Ndinamuuza kuti ayambe wayang'ana ngati dzina lake lili pa mapepala a nyumba, ndipo aimbire banki mwezi usanathe.