Ndemanga: malo ochapira zovala osiya ndi kutenga usiku ku Wynberg, nyenyezi 4 mwa 5

Ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Sea Point, mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Pakhomo ndimachoka isanakwane 8 koloko m'mawa, ndipo pobwerera ku Wynberg komwe ndimachita lendi nthawi imakhala itapitirira 11 koloko usiku. Malo ochapira zovala a pafupi ndi kwathu amatsegula ine nditapita kale, n'kutseka 6 koloko madzulo ine ndikadali pa mapoto. Kwa zaka zambiri ndinkangowaona ali otseka, ngati tchalitchi pakati pa sabata. Choncho atayika timakabati tokhoma panja pa khomo lawo mu June 2023, kuti munthu azisiya ndi kutenga zovala nthawi iliyonse, ndinali mmodzi mwa oyamba kulembetsa.

Wina afunsa kuti mayi wamkulu ngati ine ndikulephera bwanji kuchapa ndekha. Inetu ndinakulira pa beseni ndi sopo wa mtanda, manja anga sakana ntchito. Vuto ndi malo ano. Chichitikireni chilala cha 2018, pamene mzinda wa Cape Town unalamula kuti munthu asapitirire malita 50 a madzi patsiku, alandilodi athu sanasiye kuwerengera dontho lililonse. Madamu osungira madzi anadzaza kalekale, koma alandilodiwo akamva mpope ukulira usiku amagogoda pachitseko. Ndiye pali nyengo yozizira. Kwathu ku Malawi June ndi July ndi miyezi youma, ukayanika m'mawa masana wanula. Kuno ndiyo nthawi ya mvula, yonga chiperoni cha ku Thyolo koma yosadziwa kuleka. Malaya amakhala pachingwe masiku atatu n'kuyamba kununkha chinyontho, pamene ine ndili ndi majekete oyera atatu okha a kuntchito.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Umalembetsa kamodzi pa WhatsApp, amakupatsa thumba la nsalu lokhala ndi nambala yako. Ukafika usiku umayika thumbalo m'kabati iliyonse yopanda kanthu, kukankha chitseko mpaka chitadzikhoma, n'kuwatumizira nambala ya kabatiyo. M'mawa amayeza kulemera kwa zovalazo n'kukuuza mtengo. Ine ndimalipira ndi SnapScan, njira yolipirira pa foni, ndili kuntchito komweko. Zikatha amakutumizira nambala yachinsinsi yotsegulira. Ndikasiya Lachiwiri usiku, Lachitatu usiku ndimazipeza zitapindidwa, majekete atasitidwa. Pa sabata zimandidyera ndalama zosapitirira R200. Si zochepa kwa munthu wotumiza kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi, koma tsiku langa lopuma ndi limodzi lokha, ndipo kale linkathera pa benchi ndikuyang'ana makina akuzungulira.

Kachapidwe sindinganyoze. Mafuta a m'khitchini ndi ovuta, makamaka pamikono ndi pa epuloni, koma amachoka. Zovala zimabwera zouma bwinobwino, osati zija zofunda pamwamba koma m'matumba muli chinyezi. Sokosi sinasowepo ngakhale imodzi. Tsiku lina ndinaiwala R50 m'thumba la buluku, ndinaipeza ili m'kapepala komata pamwamba pa zovala. Malowo ndi owala, pali kamera, ndipo ali m'mbali mwa msewu waukulu pomwe magalimoto amadutsabe usiku. Zimenezi kwa mzimayi woyenda yekha si nkhani yaing'ono. Dalaivala wa galimoto yotitula ogwira ntchito amandidikira mphindi ziwiri, ndatsika, ndatsegula, ndabwerera.

Nyenyezi yachisanu ndawamana pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse zikuchokera pamodzi: usiku palibe munthu woti n'kulankhula naye.

Choyamba chinandichitikira mu mwezi wachiwiri chilembetsereni. Chaka cha 2023 aliyense wokhala kuno akuchikumbukira, kampani ya magetsi ya Eskom inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina mpaka siteji 6, pamene magetsi amathima maola ambiri patsiku. Ndinafika usiku wina dera lonse lili bii. Ndinadina nambala yanga, kabati osatseguka. Ndinadinanso, zii. Maloko awo anali oyendera magetsi popanda batire yodalirika. Ndinayimba foni yolembedwa pakhoma, inangolira mpaka kuduka. Majekete anga onse oyera anali m'katimo, kuseri kwa kachitseko kachitsulo kopyapyala, ine nditaima panja ngati mbala. M'mawa mwake ndinabwereka jekete la mnzanga wa ku Zimbabwe, lalikulu moti mikono ndinachita kupinda katatu, ndipo abwana a m'khitchini sanasiye kundiseka tsiku lonse. Eni malowo anapepesa, anandichapira ulere ulendo wotsatira, ndipo patapita masabata angapo anayika mabatire. Chichokereni apo sizinachitikenso. Koma foni ija mpaka lero sayankha usiku, ndinayesanso dala.

Chachiwiri chimandiwawabe, ngakhale mlandu wake tigawana. Ndinali ndi chitenje chatsopano chofiira chomwe achemwali anga ananditumizira pa basi kuchokera ku Limbe. Aliyense kwathu amadziwa kuti chitenje chatsopano umayamba wachichapa pachokha m'madzi ozizira chifukwa chimasuluka. Dobi wa kwathu sungachite kumuuza, akangochigwira wadziwa kale. Ine chifukwa cha kutopa ndinachiponya m'thumba limodzi ndi zina zonse, ndipo ndinaiwala kulemba uthenga. Akanakhala masana, mayi wa pakauntala akanatsegula thumba pamaso panga n'kufunsa. Usiku kabati simafunsa. Anachapa zonse pamodzi m'madzi otentha. Majekete awiri anabwera ali ofiirira, ngati ndimagwira ntchito yokongoletsa makeke. Limodzi linayera nditaliviika mu Jik kawiri, linalo linakana, ndinagula lina ndi ndalama zanga.

Nditapita kukadandaula tsiku langa lopuma, mayiyo anandilandira mwaulemu, koma anandisonyeza pamene analemba kuti kusankhula zovala ndi udindo wa mwini wake. N'zoona, zinalembedwa, m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa uthenga wolembetsera. Komabe munthu amene ntchito yake ndi kuchapa akaona nsalu yofiira pakati pa zoyera, maso ake amayenera kumuuza kanthu. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp ukanapulumutsa jekete langa. Pa mtengo amatumiza uthenga mosachedwa, ndiye foni ali nayo m'manja.

Zina zing'onozing'ono: timakabati ndi tating'ono, bulangete lalikulu kapena duveti salowa, zimenezo uyenera kupita nazo masana. Kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira, timakabati timadzaza, ndipo kawiri ndabwerera nalo thumba kunyumba. Ukachedwa kutenga kupitirira masiku awiri amazilowetsa m'kati, ndiye wabwerera ku vuto lakale lija lodikira nthawi yotsegula.

Abale anga ogwira ntchito m'malesitilanti, alonda, ndi osamalira okalamba m'makomo, ngati muli cha kuno yesani, mudzagona tsiku lanu lopuma. Ingopemphani matumba awiri, la zoyera ndi la zamitundu, amapereka mukawauza. Mukhuthule m'matumba a zovala musanatuluke m'nyumba, osati mutaima pamsewu pakati pa usiku. Ngati pali banga lofunika kusamala, lijambuleni muwatumizire chithunzi nthawi yomweyo musanaiwale. Ine ndikupitabe Lachiwiri ndi Lachisanu. Zitenje zokha ndinasiya kupita nazo, ndimachapa ndekha m'ndowa mwakachetechete, alandilodi akapita kutchalitchi.