Kwa amene mukubwera kudzaphunzira ku Lisboa: kwa achibale, rezidensiya kapena chipinda cha renda?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzi pa WhatsApp, awiri a ku Ulónguè mmodzi wa ku Furancungo, onse apeza malo pa yunivesite kuno ku Lisboa ndipo akuti achimwene tikafika tikafikira kuti. Nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge. Chipwitikizi si vuto kwenikweni poti taphunzira nacho kuyambira tili ana, ngakhale masabata oyamba khutu limavutika chifukwa anthu akuno amameza mawu, koma pogona abale, mpamene pagona nkhani. Njira zimene anthu akwathu amadutsa ndi zitatu, ine ndadutsa ziwiri, ya rezidensiya, nyumba zogonamo ophunzira za yunivesite, ndimaidziwa kudzera kwa mnzanga wa ku Cabo Verde amene timaphunzira limodzi.

Ndiyambe ndi kwa achibale poti ndi imene makolo amaikonda. Mayi akangomva kuti kuli azakhali ena ake ku Cacém kapena ku Amadora, matauni a kunja kwa Lisboa, mtima umakhala pansi, ndipo zoona masiku oyamba palibe choposa apa. Azakhali anga anabwera kudzandichingamira ku eyapoti, usiku womwewo ndinadya nsima, mawa lake anandiperekeza ku Finanças, ofesi ya misonkho, kukatenga NIF, nambala ya msonkho imene ili ngati NUIT yakwathu, ndipo popanda nambala imeneyi sungatsegule akaunti ku banki kapena kusaina kontrato ya nyumba. Anandionetsa kokwerera sitima, kogula ufa, tchalitchi komwe kumapemphera anthu akwathu. Zimenezi ndekha zikanditengera mwezi.

Koma musaganize kuti kuno kuli ngati ku Domwe komwe mlendo akabwera timangoyala mphasa, chimanga chili m'nkhokwe, nkhuni zili panja. Kuno ndi kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa nyumba zina, anthu asanu, madzi magetsi gasi zonse zimabwera pa pepala kumapeto kwa mwezi ndipo munthu mmodzi akawonjezereka pepalalo limaonetsa. Ine ndinkagona pa sofa pa balaza, azakhali amadzuka 5 koloko kupita kukakolopa maofesi, ana amafuna TV madzulo, nde kuwerenga kwanga kumayamba onse akagona komanso ndikuopa kuyatsa getsi nthawi yaitali. Chopweteka nchakuti palibe amene amakuuza kanthu, anthu akwathu sanganene kuti mwana wa mlongo wanga choka, umangoona nkhope zatopa, mawu achepa patebulo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ine ndinakhalako miyezi itatu ndipo inali yambiri, ndikanachoka msanga chibale chathu sichikanafika polemera chonchija. Chinanso chimene makolo sadziwa, wachibale wako akhoza kukhala kuti naye akuchita renda ndipo mwini nyumba salola munthu wina kulembedwa pamenepo, nde umakhala uli ndi pogona koma ulibe pepala loonetsa komwe ukukhala, pomwe pepala limeneli ndi limene amafuna ku Junta de Freguesia, ofesi ya boma ya m'dera lanu, komanso ku AIMA, ofesi yoona za anthu obwera imene inalowa m'malo mwa SEF mu 2023.

Rezidensiya ya yunivesite imayendetsedwa ndi a Serviços de Ação Social, ofesi yothandiza ophunzira, ndipo pa mtengo palibe yoiposa. Madzi, magetsi, intaneti zonse zili momwemo, pepala la komwe ukukhala amakupatsa mosavuta, kantina ili pafupi komwe umadya chakudya chotentha pa mtengo wa ana asukulu. Koma chimene ndimasirira kwambiri kwa mnzanga uja si ndalama ayi, ndi anthu. Iye sabata yoyamba anali kale ndi anzake a chaka chachitatu omuuza kuti mphunzitsi uyu amafunsa motere, mayeso akale ndi awa, pomwe ine ndikaweruka ndimathamangira sitima osalankhula ndi munthu. Zovuta zake zilipo, pena mumagona awiri chipinda chimodzi ndi munthu amene simunasankhane, khitchini ndi ya anthu ambiri, alendo ali ndi malamulo awo. Vuto lenileni ndi malo, ndi ochepa ndipo amayamba kuganizira amene ali ndi bolsa, thandizo la ndalama za sukulu lija, choncho kalata yakuti mwalandiridwa ikangofika lembani pempho tsiku lomwelo mudakali ku Tete, musadikire viza, chaka chimayamba mu Seputembala ndipo pofika nthawi imeneyo zipinda zimakhala zitatha kalekale.

Ambiri timathera pa chipinda cha renda, nde apa mverani bwino. Poyamba amafuna renda ya mwezi ndi caução, ndalama ya chikole ija, ena amafuna miyezi iwiri, ndipo mukakumbukira kuti yuro imodzi ndi metikali zopitirira 60 mudzaona kuti ndi matumba angati a mbatata amene bambo ayenera kugulitsa ku Tsangano kuti inu mungolowa pakhomo. Chifukwa cha ichi ndikupemphani, musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone pa chipinda chimene mwangoona zithunzi pa intaneti. Mnyamata wina wakwathu anatumiza adakali kumudzi, munthuyo amalankhula bwino, zithunzi zokongola, pofika kuno nambala sikugwira ndipo pa adiresiyo anthu ake sakudziwa kanthu, ndalama ya miyezi iwiri inapita choncho. Ngati muli ndi munthu kuno mutumeni akaone ndi maso, akatsegule mpopi, akaone kuti m'nyumbamo mukukhala anthu angati.

Zipinda zilinso mitundu iwiri, za kontrato ndi zopanda kontrato. Zopanda kontrato zimatsikirako mtengo ndipo zimakopa, koma mubwereranso ku vuto la pepala lija, komanso mwini nyumba akafuna kukweza kapena kukutulutsani mulibe pogwira. Ine ndimalipira zochulukirapo pang'ono koma ndili ndi kontrato ndi risiti mwezi uliwonse ndipo ndimagona tulo. Funsaninso ngati madzi ndi magetsi zili mkati mwa renda, amalemba kuti despesas incluídas, apo ayi mwezi wa Januwale mudzalira.

Za dera, pakati pa mzinda ngati Arroios, Alameda, Saldanha nkodula, ambiri timatuluka kunja. Chimene chimatipulumutsa ndi pase ya Navegante, mayuro 40 pamwezi mumakwera metro, basi, sitima ndi boti m'madera onse 18 ozungulira Lisboa, ya mayuro 30 ndi ya dera limodzi lokha. Nde osangoyang'ana mtunda pa mapu, yang'anani njanji. Ngati fakulidade yanu ili ku Cidade Universitária, Odivelas ndi yabwino chifukwa metro ya chikasu imakufikitsani osasintha. Wochokera ku Cacém amakwera sitima ya ku Sintra, kutsika pa Entrecampos nkulowanso metro, zimatheka koma m'mawa anthu amadzaza ngati chapa ya tsiku la msika. Amene mukupita ku yunivesite ya Nova ya ku Caparica funani chipinda ku Almada tsidya la mtsinje wa Tejo, palibe chifukwa chowolokera tsiku ndi tsiku. Metro imatseka 1 koloko usiku, amene mudzagwire ganyu ya mu lesitilanti muzikumbukire.

Chomaliza pa chipinda ndi chinyezi, ichi palibe anandiuza. Ife a ku Angónia timati kuzizira timakudziwa chifukwa cha Juni ndi Julaye, koma kwathu masana dzuwa limatuluka, madzulo timaotha moto. Kuno kuyambira Disembala mpaka Febuluwale ndi mvula ndi mphepo, nyumba zambiri zakale zilibe chotenthetsera, kuzizira kumakhala mkati mwenimwenimo, zovala siziuma, makoma amachita nkhungu. Mukapita kukaona chipinda yang'anani kuseri kwa kabati ndi m'makona, ngati pali zakuda musalowe, ngati chilibe windo musalowe ngakhale chitchipe bwanji. Anzathu a ku Moatize ndi Tete mumzinda amene munazolowera kutentha, jekete yeniyeni mudzagule konkuno.

Nde wa ku Furancungo uja ndamuuza chonchi: pempho la rezidensiya atumize sabata ino, kwa amalume ake ku Amadora akafikire koma awauze asananyamuke kuti akhala masabata atatu ndipo aziponyako kangachepe pa magetsi ndi chakudya, ndipo masabata amenewo ine ndiyenda naye kuona zipinda za ku Odivelas ngati rezidensiya sanamuyankhe. Ndamuuzanso aike mthiko mu chikwama, ufa tikagula m'masitolo a ku Martim Moniz, pakati pa Lisboa.